Zimene Khasu Lidafukula ku Biwi

Mukafunsa munthu wokhala mu Lilongwe kuti kwawo n'kuti, sangakutchulireni Biwi, Kawale kapena Mchesi. Akuuzani za ku Ntcheu, ku Mzimba, ku Mulanje kapena ku Nkhotakota, ngakhale iyeyo adabadwira mumzinda momuno ndipo kumudziko amangopitako pakagwa maliro. Mzinda uno timautenga ngati chigono cha apaulendo, malo ogwirako ntchito ndi kudikirirako penshoni basi. Ziwerengero nazo zikutivomereza. Pa kalembera wa 1966 tauni ya Lilongwe idali ndi anthu osakwana 20,000. Pofika 1977, patangotha zaka ziwiri likulu la dziko litachoka ku Zomba, anthu adali atayandikira 100,000, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 990,000. Tingoti ambirife ndife obwera, kapena ana a obwera.

Tsono vuto la obwera n'lakuti amaganiza kuti dziko lidayamba tsiku limene iwo adatsitsa katundu. Ife tikaona ploti timaona nambala, malire ndi mtengo wake. Sitiganizako kuti pansi pa simenti ya pakhonde pathu pangakhale bwalo limene mayi wina ankapetapo mapira. Kusadziwa kotereku kumaoneka ngati kopanda vuto, koma kuli ndi tsiku lake limene kumatulutsa mano, ndipo amene amalumidwa nthawi zambiri amakhala munthu wosalakwa. Izi ndidaziona ndi maso angawa kuseri kwa nyumba yanga ku Biwi.

Ine ndimagwira ntchito m'boma, mu ofesi yosunga mafayilo, ndipo ndakhalamo zaka zoposa 15. Aliyense wolandira malipiro a pamwezi akukumbukira zimene zidachitika mu November 2023, pamene ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo ya zinthu idalumpha ngati gwape, koma malipiro adatsala pomwepo akuyang'ana. Mulu wa tomato udachepa, mtolo wa mpiru udawonda. Tsiku lina mayi akunyumba adandiuza mosapita m'mbali kuti, "Bambo a mwana, dothi lili kuseriku likungodya zinyalala. Bwanji tilimepo ndiwo?"

Malowo ndi aang'ono, mapazi asanu ndi atatu m'litali, asanu m'lifupi. Amene adakhalapo ife tisanagule nyumbayo adawasandutsa dzala, ndipo nthaka yake idali gwa ngati konkire. Choncho mu June 2024 ndidapeza mnyamata waganyu kuti akumbe mozama, achotse zinyalala, kenaka tithiremo manyowa.

Tsiku loyamba khasu silidaone dothi lenileni. Lidangokumana ndi ife anthu a lero: majumbo abuluu ndi akuda osawola ngakhale pang'ono, masacheti a mowa, mabatire a tochi, zitsekerero za mabotolo, makadi a mayunitsi okandakanda, zidutswa za patapata ndi mutu wa chidole. Tidadzaza matumba anayi a feteleza.

Tsiku lachiwiri, atafika pozama ngati mkono, zinthu zidayamba kusintha. Padatuluka mbale yachitsulo yobowoka pansi, chogwirira cha simbi ya makala, kabotolo ka inki, baji ya chipani yodyeka ndi dzimbiri, ndi kandalama kofiirira ka 1 tambala, kuno nkhope ya Kamuzu, uku tambala. Izi ndidazidziwa zonse chifukwa ndi za ubwana wanga. Ndidakumbuka riferendamu ya pa 14 June 1993, ine ndili ku pulayimale, akuluakulu akunong'onezana za nyali ndi tambala wakuda. Mwana wanga wamwamuna, amene ali ku sekondale, adatembenuza kandalamako kangapo n'kufunsa ngati kadagulapo kanthu. Nditamuuza kuti kankagula switi, adaseka mpaka misozi, poyesa kuti ndikumunamiza.

Lachitatu lidali Loweruka, ndipo ndidali pakhomo. Chakumasana khasu lidalira pamwala. Mnyamata uja atakumba m'mbali mwake, padaoneka mwala waukulu wophwatalala, wolowa pakati, wosalala ngati wopaka mafuta. Pambali pake padali kamphika kadothi kokhala ndi mizere m'khosi, kovundikiridwa ndi phale. Khasu lidali litabenthula kukamwa kwake. M'katimo mudali dothi, mikanda yoyera, yofiira ndi yabuluu, komanso tizitsulo tozungulira, tobowoka pakati, tomatana ndi dzimbiri lobiriwira.

Mnyamatayo adaponya khasu uko n'kulumphira kunja kwa dzenje. "Bwana, ine ntchito ndalekeza pompa. Izi n'zokwirira izi! Mungondipatsa zanga ndizipita." Adachoka osasamba n'komwe m'mapazi.

Ku Biwi nkhani imathamanga kuposa kabaza. Dzuwa lisanapendeke anthu adali atadzaza kumpanda, ena atakwera pa njerwa kuti aone bwino. Wina adati ndi nyanga. Wina adati n'chifukwa chake mwini nyumba wakale adamwalira mwadzidzidzi. Mnyamata wina wovala bwino adandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, musataye zimenezi. Ndalama zobowola ngati izi azungu amagula mamiliyoni, ine ndikudziwa munthu wake." Koma mawu amene adandiziziritsa nkhongono adachokera kwa mayi wina woyandikana nafe, amene mwana wake adakhala akudwaladwala kwa miyezi. Iye sadakweze mawu. Adangofunsa kuti, "Nanga amene adakhalitsa kuno ndani? Ndani angadziwe zimene zidakwiriridwa muno?"

Palibe adayankha, koma maso onse adatembenukira ku mpanda wakumbuyo. Kuseri kwa mpandawo kumakhala agogo ena amasiye, a zaka zopitirira 80, amene amagulitsa mtedza wokazinga pakhomo pawo. Ana awo ena adamwalira, ena ali kutali. Ndidaona anyamata awiri akuyang'anizana, ndipo ndidamva mawu akuti "mfiti" akutuluka chapansipansi kumbuyo kwa gulu. Mayi akunyumba adandigwira mkono nati, "Tumani mwana akaitane amfumu zinthu zisanaipe."

Amfumu asanafike, agogo aja adatulukira okha ndi ndodo yawo. Makutu awo samva bwino, tsono ataona chipiringu adayesa kuti pagwa zovuta. Anthu adawapatukira ngati akupatukira njoka.

"Kwagwanji kuno, mwanangu?" adandifunsa.

"Agogo, khasu lafukula zinthu izi, ndiye anthu akuopa."

Adawerama pang'onopang'ono, natola kachitsulo kamodzi, nakalavulira, nakapukuta pa chitenje. Kenaka adakaika padiso n'kutisuzumira tonse kudzera pa kabowo kaja. Adaseka mpaka kutsokomola.

"Ana inu! Khobidi ili ndilo mukulithawa? Ife tinkalisaka usana ndi usiku, inu mukulithawa?"

Adapempha mpando, ndipo pamene amfumu ankafika adapeza sukulu ili m'kati. Agogo adafotokoza kuti makobidi atatu ankapanga tiki, makobidi 12 ankapanga sheleni, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Popeza zovala za amayi zidalibe matumba, makobidi obowokawo ankawatunga pachingwe n'kumanga m'chiuno. Adati masiku amenewo amuna ambiri adali ku Halale kapena ku migodi ya ku Joni, ndipo mkazi wotsala pakhomo ankasunga yekha kangachepe kochokera ku mowa, mtedza kapena nkhuku. Kusunga m'denga kudali kuika pamoto, pakuti nyumba zidali zaudzu. Ndalama zapepala zidali ndiwo za chiswe ndi makoswe. Buku la ku positi ofesi lidali la odziwa kulemba. Tsono banki ya mkazi wanzeru idali kamphika, kokwiriridwa pamalo amene iye yekha ankagwadapo tsiku ndi tsiku popanda womukayikira.

"Malo ake ndi amenewa," adatero akuloza mwala uja ndi ndodo. "Iyi ndi mphero. Apa ankaperapo mawere ndi mapira zigayo zisanachuluke. Mwamuna kapena mlamu angapite kukasuntha mphero? Akafunako chiyani?"

Amayi ena adayamba kuseka. Za mikanda agogo adangoti amayi akuluakulu akudziwa ntchito yake, ndipo si nkhani yokamba pali ana. Apo kuseka kudakula, ndipo anyamata awiri aja adazemba mwakachetechete. Amfumu adatseka bwalo ndi mawu ochepa: "Mwamva nokha. Aliyense abwerere kwawo, ndipo wotchula mnzake mfiti adziwe kuti ndi mlandu."

Usiku umenewo ine ndi mwana wanga tidatsuka makobidiwo ndi mandimu ndi phulusa. Adalipo 43. Dzimbiri litachoka padaoneka njovu ziwiri zitaimirira uku ndi uku kwa bowo, chisoti chaufumu pamwamba, ndi dzina la Mfumukazi Elizabeth. Kuseri kudali dzina la Rhodesia ndi Nyasaland pamodzi ndi chaka. Zidali ndalama za Chitaganya, chija chidayamba mu 1953 n'kutha pa 31 December 1963. Khobidi lakale kwambiri lidali la 1955, latsopano kwambiri la 1962. Apa mwana wanga adatulukira yekha mfundo imene akatswiri ofukula zakale amagwiritsa ntchito: kamphikako sikakadatsekedwa komaliza chaka cha 1962 chisanafike, pakuti munthu sangakwirire ndalama imene sidasulidwe.

Tidawerengeranso mtengo wake. Makobidi 43 ndi masheleni atatu ndi makobidi 7. Pamene kwacha inkabwera mu 1971, paundi imodzi idasinthidwa ndi K2, ndiye kuti sheleni idali 10 tambala. Chuma chonse cha m'kamphikamo chidali pafupifupi 36 tambala, ndalama imene lero ngakhale mwana sangawerame kuti atole. Koma tangoganizani nthawi imene mayiyo adatenga kuti afike pa 43, akudzimana mchere lero, sopo mawa. Ndipo mikanda ija tisaipeputse, pakuti m'Chichewa cha makolo mawu akuti chuma ankatanthauzanso mikanda.

Lolemba ndili ku ntchito ndidaganiza za mapepala a nyumba yanga. Ali ndi nambala ya ploti ndi mayina atatu: woyamba kupatsidwa malowo, amene adandigulitsa, ndi ine. Onse ndife amuna. Mayi wa mphero mulibemo, ndipo palibe fayilo m'dziko muno imene angapezekemo. Mabuku a mbiri amatiuza kuti Kamuzu adabwerera kumudzi pa 6 July 1958, kuti pa 3 March 1959 atsamunda adalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti ndipo anthu adaphedwa, kuti ufulu udabwera pa 6 July 1964. Zonsezi n'zoona ndipo n'zofunika. Koma m'zaka zomwezo kudali mayi amene ankagwada pamphero, akuponya khobidi limodzilimodzi m'kamphika, mwina la fizi ya mwana, mwina la ulendo wokasaka mwamuna amene adasanduka mtchona. Ine amene ndimadya za mafayilo ndidaona kuti nthaka imasunga mayina a anthu amene pepala lidawakana, kungoti imawalemba m'chilankhulo chimene ambirife sititha kuwerenga.

Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Tsiku lija pampanda padali anthu oposa 30, ena a iwo ophunzira bwino, ena onyamula mafoni a intaneti. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene adadziwa mphero kapena khobidi. Chinthu chosadziwika chidabala ana awiri nthawi yomweyo: mantha ndi dyera. Wina adaona nyanga, wina adaona mamiliyoni. Munthu yekhayo amene akadatha kuwerenga zinthuzo ndi yemweyo amene gulu lidayamba kumuloza chala, ndipo mlandu wake udali umodzi wokha, kukhalitsa.

Wina asayese kuti ndikukuza nkhani. Mu January 2016, m'mudzi wa Chimbalanga m'boma la Neno, anthu okalamba anayi adaphedwa ndi gulu la anthu atawanamizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Dziko lonse lidagwidwa ndi manyazi, koma nkhani zoterezi sizidathere pomwepo. Lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lapadera loteteza anthu achikulire. Koma lamulo limakhala m'buku, pamene gulu limakhala pampanda, ndipo mwala suyembekeza apolisi. Ndikaganiza kuti agogo aja akadapanda kutulukira okha, kapena akadakhala oiwalaiwala monga amachitira okalamba ena, n'kuyankha zosagwirizana, thupi limandichita tsemwe.

Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18, ndipo anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo sakwana anayi pa anthu 100 alionse. Amene adagwirapo khobidi ndi manja awo, amene adaperapo pamphero, atsala owerengeka, ndipo chaka chilichonse tikuwaperekeza kumanda. Makolo adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tsiku lija ndidaona moto ukuzima ndithu, koma ndidaonanso kuti ife tidatsala pang'ono kutentha dambo lomwelo.

Zimene ife tidathawa, anthu ena adapanga nazo sukulu. Ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kudali likulu la Kalonga wa Amaravi, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adakumba pa dzala lakale. Adapezamo mapale, mafupa a nyama, minyanga ya njovu, zinthu zamkuwa, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ndi zidutswa za mbale za ku China. Kuchokera m'zinyalala zimenezo tidadziwa zimene makolo athu ankadya, zimene ankasula, komanso kuti ankachita malonda ndi maiko akutali Livingstone asanabadwe. Ku Nkope, m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, kudapezeka mapale a zaka zoposa 1,500, a anthu oyamba kulima ndi kusula zitsulo m'dera lino. Zithunzi za m'mapanga a ku Chongoni zidalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zonsezi zidatheka chifukwa wina ataona chachilendo sadathawe ndipo sadaswe, koma adafunsa.

Kamphika ka ku Biwi sikangafanane ndi Mankhamba, ndipo makobidi a Chitaganya adasulidwa ochuluka kwambiri moti sangalemeretse munthu, kaya mnyamata wovala bwino uja anene zotani. Komabe njira yake ndi imodzi. Khasu likagunda chinthu chachilendo, musachiswe, musachiwotche, musachigulitse kwa wodutsa. Chijambuleni chili pomwepo, lembani malo ndi kuya kwake, pakuti chinthu chikachoka pamalo pake chimataya theka la nkhani yake. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zipilala ndi zinthu zakale, komanso nthambi ya boma yoyang'anira zimenezi, imene iyenera kudziwitsidwa chikapezeka chinthu chamakedzana. Koma musanapite kutali konseko, itanani munthu wamkulu kuposa onse m'dera lanu, mumupatse mpando, mumufunse. Safunsa adadya phula.

Sindinganame kuti onse adakhutira. Mayi wa mwana wodwala uja mpaka lero sapereka moni kwa agogo, ndipo ana ake adawaletsa kukagula mtedza kumeneko. Sindimuweruza mopepuka, pakuti mtima wa kholo limene lazungulira zipatala osaona kusintha umafuna pogwira. Chimene chimandiwawa n'chakuti pogwira pake pamakhala pakhosi pa munthu wopanda womuteteza. Mnyamata waganyu uja naye sadabwerenso, moti dzenje tidamaliza tokha ine ndi mwana wanga.

Pali chinthu chinanso chimene matumba anayi a tsiku loyamba aja adandisiyira. Mayi wa mphero adatisiyira mwala, dothi lowotcha, mikanda ndi mkuwa, zinthu zimene zidagona m'nthaka zaka zoposa 60 popanda kuiwononga. Ife tikusiya majumbo. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, Khoti Lalikulu la Apilo lidavomereza chiletsocho mu 2019, koma amene adakwiririka kale adzakhala m'nthaka ife titaiwalika. Amene adzalime ku Biwi m'tsogolo muno adzayenera kudutsa m'zinyalala zathu asanapeze dothi lomeretsa mpiru, ndipo adzatidziwa ndi zimenezo.

Dimba lidatheka. Tidabzala mpiru, chinese, anyezi ndi tomato, ndipo madzi otsukira mbale adapeza ntchito. Kamphika, mikanda ndi makobidi ndidazikulunga bwino m'katoni pamodzi ndi pepala lofotokoza tsiku, malo ndi kuya kwake, monga munthu wa mafayilo. Mphero ndiyo idakana kulowa m'nyumba chifukwa cha kulemera, choncho tidaiika pansi pa mtengo wa mapeyala.

Mtolo woyamba wa mpiru mayi akunyumba adakatula kwa agogo. Pobweza mbale, agogowo adaikamo mawere odzaza manja awiri, amene adaitanitsa kwa mdzukulu wawo ku Mitundu, ndipo adalamula kuti Loweruka lotsatira ana onse a m'nyumba zoyandikana abwere. Adabwera asanu ndi awiri. Mwala waung'ono woperera tidachita kukatola kumtsinje wa Lilongwe. Agogo sakanatha kugwada, tsono adakhala pampando n'kumalangiza ndi ndodo: bondo apa, manja apa, kankha ndi msana osati ndi mikono. Ufa woyamba udatuluka wamiyalamiyala, ndipo phala lake lidalira m'mano. Agogo adalawa supuni imodzi, napukusa mutu, nati mtsikana wopera chonchi masiku awo akadabwezedwa kwa anamkungwi. Kenaka adauza mwana wanga wamkazi kuti athirepo mawere ena ayambirenso.